Galu Amene Nyama Inkamuwenga

Mumsika monse munalibe galu wodya bwino kuposa Chiwindi, ndipo munalibenso galu womvetsa chisoni kuposa iyeyo. Mbuye wake anali a Nkhwangwa, ogulitsa nyama ya ng'ombe pabutchala yoyang'anana ndi mpopi wa msika. Dzinalo analipeza chifukwa cha kankhwangwa kawo kophwanyira mafupa, kamene ankakanola m'mawa uliwonse asanapereke moni kwa munthu aliyense. Anali bambo a thupi, a mawu aakulu, osachedwa kuseka komanso osachedwa kupsa mtima. Mukawanena iwowo ankangoseka. Mukanena nyama yawo ankakwinya nkhope. Koma mukanena galu wawo, ndiye kuti mwaputa mavu.

Chiwindi anamutola ali kamwana, akunjenjemera kuseri kwa mgolo wa zinyalala, ndipo anamutcha dzinalo chifukwa cha ubweya wake wofiirira. Malo ake anali amodzi: panja pa khomo lakumbuyo kwa butchala, pa chiguduli chakale, pomwe ankaona msana wa mbuye wake tsiku lonse. M'kati sankapondamo. Za ukhondo ankazidziwa kuposa anthu ena a miyendo iwiri a mumsikamo.

Vuto linayambira kumapazi. Chiwindi ankawanyambita mpaka kufiira psuu. Kenaka makutu: ankangopukusa mutu ngati munthu wokana mlandu. Kenaka kunabwera kukanda kwenikweni, kosapuma, mwendo wakumbuyo uli ngo ngo ngo pachitseko chachitsulo, mpaka ogula ankafunsa ngati kumbuyoko kuli wina wofuna kulowa. Ubweya unathothoka m'nthiti ndi pamimba, khungu linada n'kukhakhala, ndipo panayamba kumveka kafungo kosafuna kufunsa.

A Nkhwangwa anaona kuti galu wafooka, ndipo mankhwala a kufooka amene iwo ankawadziwa anali amodzi okha. Anawonjezera nyama. Anayamba kumudulira mnofu weniweni, wopanda mtsempha, umene ogula ankachita kulimbirana. Anamuwiritsira mafupa onona. Galu akukandabe, iwo akuwonjezerabe, n'kumadandaula kuti ng'ombe za masiku ano zilibe mphamvu.

Akazi awo anali telala, ankasokera pakhonde la kunyumba. Anali mayi ochepa thupi, osalankhula zambiri, koma akanena chinthu ndiye kuti achiyeza kale ndi tepi. Galuyo sankamuda. Ankangomupirira monga momwe munthu amapiririra mnzawo wa amuna ake amene amabwera nthawi ya chakudya. Tsiku lina madzulo, a Nkhwangwa atangokhala pampando, mayiwo anaimitsa makina.

"Bambo, mwana wathu waimba foni. Akuti akachira abwera kuno ndi khanda, adzakhale nafe kaye."

"Nkhani yabwino imeneyo, mayi."

"Yabwino ndithu. Koma khanda ndi mphere sizikhala pakhomo limodzi." Analoza ndi sizasi Chiwindi, amene nthawi yomweyo, ngati wochita kutumidwa, anayamba kudzikanda khutu. "Ndalankhula ndi achimwene. Akufuna galu wolondera kumunda kwawo. Khanda likadzafika galuyu akadali ndi chilonda, adzabwera kudzamutenga."

A Nkhwangwa ankakudziwa kumunda kwa alamu awo. Kunali mtengo, unyolo, ndi mbale ya madzi yomera ndere. Agalu a kumeneko analibe mayina, ankangotchedwa galu. Mtima unawapweteka kwambiri, koma kutsutsa analephera, chifukwa nawonso mdzukuluyo ankamudikira ndi manja awiri. M'mawa mwake butchala inatsegulidwa mochedwa. Anapita kaye ndi Chiwindi kwa dokotala wa ziweto.

Pabenchi yodikirira anakhala moyandikana ndi mayi wina amene anali ndi mphaka m'katoni, mphaka wodzinyambita mimba mpaka kuyera mbee. A Nkhwangwa anasuzumiramo, n'kupeza chitonthozo pang'ono kuti si iwo okha. Adokotala anali mayi achitsikana, a magalasi. Anamuyang'ana Chiwindi m'makutu, pakati pa zala, pansi pa mchira. Anapala khungu pang'ono, n'kukaliika pa makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso.

"Izi si mphere, bambo, ndipo sizopatsirana. Utitiri sindinauone, komabe mankhwala ake ndimupatsa, poti agalu ena kulumidwa kamodzi kokha kumawakwana. Ine ndikuganiza kuti ndi ziwengo. Pali chinthu chimene thupi lake likudana nacho. Zimachitika kwa amphaka, ngakhale kwa akavalo: ena timaudzudzu tikawaluma amakwecha mchira pamtengo mpaka kutha. Uyuyu amadya chiyani?"

A Nkhwangwa anadzikonza kolala. Funso limeneli analikonda.

"Nyama ya ng'ombe, adokotala. Yabwino yokhayokha. M'mawa, masana ndi madzulo."

Adokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, alipo agalu ena amene nyama ya ng'ombe imawawenga."

A Nkhwangwa anaseka mpaka mphaka wa m'katoni uja analira kunja. "Galu kuwengedwa ndi nyama? Ndiye kuti iliponso nsomba imene madzi amaiwenga."

"Sindikunena kuti ndi choncho ndithu," anatero adokotala, nawonso akumwetulira. "Koma njira yodziwira ndi imodzi. Miyezi iwiri adye chinthu chimene sanazolowere: nsomba yowiritsa yopanda mchere, ndi mbatata. China chilichonse ayi. Fupa ayi, msuzi ayi, ngakhale kachidutswa kongonyambita ayi. Kachidutswa kamodzi kabwezera zonse pambuyo. Ndikupatsani sopo womusambitsira ndi mapiritsi oti kuyabwa kuchepe masiku oyambirirawa."

Kugula nsomba ndiye kunali mayeso. A Nkhwangwa, amene moyo wawo wonse ankanena kuti nsomba ndi chakudya cha odwala, anaoneka akuyenda mumzere wa nsomba atavala epuloni yawo ya magazi. Amayi ogulitsa sanawachitire chifundo.

"Takulandirani, alendo athu. Nyama yanu yakukanani?"

"Ndi za galu," anayankha iwo, maso ali pansi.

"Ee, onse amayamba choncho. Tikuikireni ya galu wamkulu kapena wamng'ono?"

Koma mwambo anausunga, zimenezo tisawanamizire. Ankawiritsa okha nsombazo, n'kuchotsa minga ndi zala zawo zikuluzikulu, lilime litatuluka pang'ono chifukwa chosamala. Analengeza mumsika monse kuti aliyense woponyera Chiwindi kanthu adzaona polekera. Masiku a mapiritsi galuyo anagona tulo tabwino, ndipo a Nkhwangwa anayamba kuimba mluzu pogwira ntchito. Mapiritsi atatha, chitseko chinayambiranso: ngo ngo ngo. Masabata anadutsa. Chilonda cha m'nthiti chinakula, makutu anafiiranso.

"Mukumupatsa mobisa," anatero akazi awo tsiku lina, osachotsa maso pansalu.

"Ine? Mayi, mukundinena ine?"

"Ndikunena munthu amene amakhala naye tsiku lonse pamalo podzaza nyama."

"Ndilumbire? Chiyambire nkhaniyi sindinamupatse ngakhale chiboda cha ng'ombe."

Anakwiya zenizeni, mkwiyo wa munthu wonamiziridwa, umene umapweteka kuposa wina uliwonse. Kuntchito anayamba kukayikira aliyense: owotcha nyama a kuseri, osesa, ngakhale amayi a nsomba aja. Anakangana ndi anthu amene anakhala nawo bwino zaka zambiri. Pansi pa mkwiyowo panali mantha, chifukwa mimba ya mwana wawo sinkadikira kuti nkhani ya galu ithe.

Tsiku lina masana akazi awo anatulukira kubutchala atanyamula epuloni yatsopano imene anasoka, ati yakale ija ikuwachititsa manyazi. Sanabwerere msanga. Anakhala pa kreti m'ngodya, chikwama pamiyendo, ati miyendo yatopa. Inali nthawi yotanganidwa. Ogula anali pamzere, ndipo a Nkhwangwa akakhala ndi anthu pamzere ankasanduka munthu wina: pakamwa nkhani, m'manja mpeni, maso pasikelo. Ankadula mnofu, kusenga mafuta ndi timitsempha m'mbali, kuyeza, kukulunga, kuseka, wotsatira.

"Bambo," anatero akazi awo anthu atachepa, "kodi timafuta timene mumasenga m'mbalimo timapita kuti?"

A Nkhwangwa anayang'ana pathabwa. Panalibe. Anayang'ana pansi. Panalibe. M'ndowa ya zotaya munali mafupa okhaokha.

"Timapita... timangopita," anatero.

"Dulaninso. Musaganize za ine."

Panabwera bambo wina wofuna nyama yowotcha, wokonda mpira, ndipo nkhani inakoma. A Nkhwangwa akufotokoza momwe goloboyi anagonera pantchito, mpeni ukuyenda wokha.

"Imani pomwepo," anatero mayi aja, mawu osakweza n'komwe.

Anaima. Dzanja lawo lamanja linali ndi mpeni pathabwa, monga mwa nthawi zonse. Koma lamanzere linali kumbuyo, pafupi ndi chiuno, zala zitatambasuka ngati zangotaya kanthu. Anatembenuka pang'onopang'ono. Pakhomo paja Chiwindi anali chikhalire, akumeza, nkhope ili yosalakwa ngati ya mwana wa kwaya. Kachidutswako anali atakawakha m'malere, osapanga phokoso ngakhale pang'ono. Ntchito imeneyi anaiphunzira ali kamwana.

"Chifikire ine pano, dzanja limenelo silinaphonyepo," anatero akazi awo. "Mukasenga, limatola, limaponya. Inu muli pa mpira."

A Nkhwangwa analiyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Sanakumbuke kuti analituma liti. Chinali chizolowezi cha zaka zonse zimene anakhala ndi galuyo, cholowerera ngati kuphethira. Wogula uja anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva kuti wakuba amene a Nkhwangwa ankamusaka wapezeka, ndi dzanja lawo lomwe, ndipo amagona naye bedi limodzi.

Manyazi anawagwira, koma chimene chinawapweteka kwambiri chinali china. Galu amene ankamukonda chotero ankamudwalitsa ndi iwo eni, tsiku ndi tsiku, ndi dzanja lachikondi lomwelo. Anapita kukapepesa kwa owotcha nyama ndi osesa aja. A Nkhwangwa atawaimbira foni adokotala, mayiwo anaseka kaye, kenaka anati ziyambirenso pachiyambi.

Anayesa kulilanga dzanjalo. Analiika m'thumba la epuloni, koma nyama sidulika ndi dzanja limodzi. Anayesa kumaliyang'anitsitsa, ndipo anatsala pang'ono kudzidula chala. Anatseka chitseko chakumbuyo, kutentha kunawathamangitsa ogula. Anamangirira Chiwindi patali, pamtengo, ndipo tizidutswa tinkagwera pakati, galu akutiyang'ana n'kumalira mosisima mpaka a Nkhwangwa anamva ngati akumuzunza dala. Madzulo ake anafika kunyumba atagwira chipewa m'manja ngati munthu wodzapempha malo.

"Mayi, ndagwira njakata. Akakhala pafupi ndi ine sachira. Angamakhale kuno masana?"

Akazi awo anadula ulusi ndi mano. "Pakhonde pokha. Nsalu za anthu asaziyandikire. Ndipo zimene tinapangana zija sizinasinthe."

Masiku oyamba anali ovuta kwa onse. Chiwindi ankalira pageti m'mawa uliwonse, ndipo a Nkhwangwa ankayenda mofulumira kuti asamve. Kubutchala kumbuyo kwawo kunali zii. Dzanja lija linkaponyabe, ndipo amphaka a mumsika okha ndi amene anapindula, ananenepa osadziwa wothokoza.

Madzulo aliwonse ankalandiridwa ndi madandaulo. Galu wanuyu wandisokoneza. Galu wanuyu wauwa kasitomala. Koma a Nkhwangwa, ngakhale sanali ochenjera pa zinthu za m'nyumba, anayamba kuona kuti madandaulowo akusintha mtundu. "Galu wanuyu mbatata yozizira saifuna, mpaka ndimutenthetsere." "Sopo uja mumamutsuka msanga, amafunika akhalitse pathupi." Tsiku lina anapeza zikhadabo za galuyo zitawengedwa bwinobwino. Tsiku linanso anapeza Chiwindi atavala malaya: kansalu ka buluu kotsala pa yunifolomu ya sukulu, kosokedwa molingana ndi thupi, kokhala ndi mabatani pamsana.

"N'kuti asamakande chilondacho," anatero mayiwo msangamsanga. "Musandiyang'ane choncho. Nsaluyo inali yotaya."

Ndipo galu anayamba kuchira. Makutu anasiya kufiira, mapazi anauma, fungo linatha. Ubweya unamera, woyamba wofewa ngati wa mwanapiye, kenaka wofiirira, wonyezimira kuposa kale. Amayi a nsomba anayamba kuwasungira a Nkhwangwa zabwino, n'kumafunsa za wodwala. Chinatsala ndi chilonda chimodzi cha m'nthiti chija. Chinachepa mpaka kufanana ndi chitsekerero cha botolo, koma chinali chisanapole.

Khanda silinadikire. Linabadwa masiku ake asanakwane, kamtsikana kolira mokweza ngati agogo ake aamuna, ndipo linafika pakhomo ndi mayi ake, mabeseni ndi matewera. A Nkhwangwa anasangalala mpaka kugawira ogula nyama yowonjezera pa sikelo. Koma m'mawa uliwonse ankamasula mabatani aja mwakachetechete, kuyang'ana chilondacho, n'kumanganso. Chinalipobe.

Loweruka masana foni inalira. Anali mwana wawo uja. "Ababa, amalume abwera kudzaona mwana. Abwera ndi galimoto ya kumunda ija."

A Nkhwangwa anatseka butchala anthu ali pamzere, chinthu chimene anali asanachitepo. M'njira monse ankakonza mawu. Adzanena kuti adokotala anati sizopatsirana. Adzapempha masabata ochepa. Zikavuta adzagwada, bambo wamkulu ndi thupi lonselo, pamaso pa alamu awo. Anafika ali wefuwefu, epuloni ili m'khosi.

Galimoto inali pageti, ndipo kumbuyo kwake kunali unyolo watsopano. Pakhonde alamu awo anali kumwa tiyi. Mwana wawo ankayamwitsa pakhomo la pabalaza. Akazi awo anali pamakina, ndipo pansi pa makinapo, mutu utatsamira phazi lawo, panagona Chiwindi ndi malaya ake a buluu.

"Alamu, mwafika bwino," anatero mlendoyo atapatsana moni. "Ndati ndione mdzukulu, komanso nditengeretu katundu wanga uja. Akuba andivutitsa kumunda."

A Nkhwangwa sanapeze n'komwe mpata wonena mawu amene anakonza aja. Amene anayankha ndi akazi awo, makina akuyendabe.

"Katundu wake uti, achimwene?"

"Galuyu, achemwali. Munati khanda likafika akadali ndi chilonda ndidzamutenge."

"Chilonda chake chiti? Inu mukuchiona?"

Alamu anawerama, n'kuyang'ana. "Nanga ndichiona bwanji atavala malaya?"

"Ndiye ngati simukuchiona, mukufuna chiyani?" Anaimitsa makina, n'kuyang'ana mchimwene wawo m'maso. "Galu ameneyu amadya nsomba yowiritsa yopanda mchere, yochotsa minga, ndi mbatata yofunda. Amasamba ndi sopo wake, ndipo sopoyo amafunika kudikira. Kumunda kwanuko adzamuphikira ndani? Inu, amene tiyi weniweniyu mumadikira kuti wina akuthirireni shuga? Pakangotha sabata adzakhala atabwerera pomwe anali. Kagulireni unyolowo galu wina."

Mwana wawo anaseka mpaka khanda linasiya bere. Alamu anapukusa mutu, nati chikhalire sanaonepo galu wokhala ndi telala wakewake, n'kupempha tiyi wina. Nkhani inathera pomwepo.

A Nkhwangwa anadzazidwa ndi chimwemwe. Anagwada pansi ndithu, osati mopempha koma kuti amukumbatire galu wawo, n'kuimba kamluzu kawo kaja. Chiwindi anagwedeza mchira mwamphamvu, kumenya nawo mwendo wa makina. Koma sanadzuke. Anakweza maso kuyang'ana mayi aja, ngati wofunsa chilolezo.

"Kasambeni kaye, bambo," anatero iwo. "Mukununkha ng'ombe thupi lonse. Akakunyambitani manjawo mundidwalitsiranso galu wanga."

Galu wanga. A Nkhwangwa anawamva mawuwo bwinobwino. Anadzuka pang'onopang'ono, navula epuloni, n'kulowera kumpopi wa kuseri kwa nyumba. Anapaka sopo m'manja, m'mikono, mpaka m'khosi, akuseka okha. Galu anapulumuka, sapita kuunyolo, adzakalamba pakhomo pomwepa ali ndi dzina lake. Koma sanalinso wawo okha, ndipo kumbuyo kwa butchala sadzagonakonso.

Akutsuka thovu kumaso anamva kupuma pafupi ndi bondo lawo. Anatsegula diso limodzi. Chiwindi anali atakhala pambali pa mpopi, mchira ukusesa pansi, akudikira moleza mtima kuti manjawo ayere.